Osenza Mtolo pa Nthaŵi ya Chigumula

Madzi akasefukira m'chigwa cha Shire, monga zidachitikira mu Januwale 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sitidabwa kuona anthu ovala chizindikiro cha mtanda wofiira akugaŵa mabulangete ndi ndowa m'misasa ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Tidazoloŵera kotero kuti timayesa ngati bungwe la Red Cross lidabadwira ntchito yomweyo. Koma si momwemo ai. Bungweli lidayambira ku Geneva m'chaka cha 1863 chifukwa cha asilikali ovulala, ndipo pangano limene maiko adasainirana mu 1864 linkanena za nkhondo yokhayokha. Kuti lifike posamala anthu okokoloredwa ndi madzi, padafunika anthu ena odzipereka kutsogolera ntchitoyo popanda malipiro, amene adaiphunzira pang'onopang'ono, nthaŵi zina mwa kulakwa koopsa. Mbali yaikulu ya mbiri imeneyi idachitikira m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja za ku America pakati pa 1881 ndi 1927, ndipo ndiyo tifuna kuilondola pano.

Oyamba kuŵatchula ndi Mai Clara Barton, amene adabadwa pa 25 Disembala 1821 m'chigawo cha Massachusetts. Adayamba ndi uphunzitsi, kenaka nkukhala kalaliki mu ofesi ya boma ku Washington. Pa nkhondo yapachiŵeniŵeni ya 1861 mpaka 1865 ankasonkhanitsa nsalu zomangira mabala ndi chakudya, namapita nazo okha kumene mfuti zinkalira. Atatopa ndi kudwala adapita ku Ulaya mu 1869 kuti akapumule, ndipo kumeneko ndiko adakamva za Red Cross. Pobwerera kwao adayesa kukopa boma kuti lisaine pangano la ku Geneva, koma akuluakulu ankangoŵayankha mozemba. Anthu a ku America adaali atangotuluka m'nkhondo yoŵaŵa, sankaganiza kuti adzamenyanso ina, ndiponso sankafuna kudzimanga ndi mapangano a maiko a ku Ulaya. Tsono Mai Barton adasintha mayankhulidwe. Adayamba kukumbutsa anthu kuti ngakhale nkhondo itapanda kubweranso, mitsinje sidzaleka kudzaza ndipo nkhalango sizidzaleka kupsa, kotero dziko lifunika bungwe lokhala chikonzekere. Mau ameneŵa ndiwo adaloŵa m'makutu. Bungwe la Red Cross la ku America lidakhazikitsidwa pa 21 Meyi 1881, Mai Barton ali ndi zaka 59, ndipo boma lidavomera panganolo mu Malichi 1882.

Tisaganize za bungwe lalikulu la maofesi ndi alembi ambiri. Zaka zoyambazo likulu lake lidaali nyumba imene Mai Barton ankagonamo, ndipo wantchito wodalirika adaali mmodzi, Julian Hubbell, mphunzitsi wachinyamata amene adakaphunzira udokotala chifukwa maiwo adamuuza kuti bungwe lisoŵa dokotala. Mai Barton sankalandira malipiro. Ankadya ndalama zimene adasunga kale, ndipo kaŵirikaŵiri ankatapa m'thumba mwao momwe kuti ntchito iyambe zopereka za anthu zisanafike. Tiisunge mfundo imeneyi, pakuti tidzakumana nayonso patsogolo itavala nkhope ina.

Mu Febuluwale 1884 mtsinje wa Ohio udadzaza kopambana. Pa mzinda wa Cincinnati madzi adakwera kupitirira mamita 21. Boma lidatumiza chakudya ndi matenti, koma inali nyengo ya chisanu choopsa, ndipo nkhuni, malasha ndi zofunda za anthu zonse zidaali pansi pa madzi. Mai Barton adabwereka sitima yotchedwa Josh V. Throop pa doko la Evansville, nailonga malasha ndi zovala, natsika nayo mpaka ku Cairo, pamene Ohio amathira mu Mississippi. Pambuyo pake adatenga sitima ina, Mattie Bell, kuchokera ku St. Louis kutsikira ku New Orleans. M'sitima yachiŵiriyi mudaali katundu amene munthu wa m'tauni akadamseka: udzu wouma, chimanga ndi zakudya zina za ziŵeto. Ng'ombe ndi abulu zidaali zitaunjikana pa timitunda, zikufa ndi njala, ndipo mlimi aliyense adziŵa kuti banja lopulumuka lero, lopanda choŵeta cholimira, lidzafa ndi njala chaka chinacho. Madzi ataphwera sitima idabwereranso ndi matabwa, zipangizo zolimira ndi mbeu. Ntchito yonse idatenga miyezi ngati inai.

Chimene tifuna kuti tichiyang'anitsitse ndi kagaŵidwe kake. Sitima inkaima pa mudzi kanthaŵi kochepa chabe. Mai Barton ankafunsa kuti ndani amene anthu amaŵakhulupirira pamalopo, nkusankha aŵiri atatu kuti akhale komiti, nkuŵasiyira katundu, sitima nkupitirira. Maina a anthu ameneŵa ambiri sadalembedwe paliponse. Komabe ndiwo amene ankatsala ndi ntchito yoŵaŵitsa mutu, yoti aone kuti bulangete ili lipite kwa yani, mnansi akuyang'ana, mlamu akuyang'ananso. Aliyense amene adakhalapo m'komiti yogaŵa thandizo adziŵa kuti sitima ikangobisika pa gomo, maso onse amatembenukira kwa iwe.

Pali kankhani kena ka chaka chomwecho koyenera kuti ana athu akamve. Ana asanu ndi mmodzi a m'tauni ya Waterford, ku Pennsylvania, adakonza seŵero, anthu nalipira poloŵa, ndipo adapeza madola 51 ndi masenti 25. Ndalamazo adazitumiza ku Red Cross. Mai Barton sadaziponye m'thumba la onse. Adazisunga mpaka atapeza mai wina wamasiye, wa ana asanu ndi mmodzi nayenso, amene nyumba yake idapita ndi madzi m'mphepete mwa Ohio, ndipo ndalamazo zidathandiza kumanga ina pamalo okwera. Atatero adadziŵitsa ana aja kumene chuma chao chidagwira ntchito.

Mu Seputembala 1884 kudachitika msonkhano waukulu wa Red Cross ku Geneva, Mai Barton ali nthumwi ya dziko lao. Ganizo loti mabungwe a Red Cross azithandizanso pa ngozi za m'nthaŵi ya mtendere lidaali litakambidwapo kale ku Ulaya, koma tsopano padaali umboni wooneka ndi maso, ndipo msonkhano udalivomereza. Mwa njira imeneyi mtanda wofiira udatsika ku bwalo la nkhondo nkudzafika m'madambo. Bungwe lathu la Red Cross, limene nyumba ya malamulo ya Malaŵi idalikhazikitsa mu 1966, lidaupeza mwambo umenewu uli wokhwima kale.

Tsoka limene lidadziŵitsa dziko lonse za ntchitoyi ndi la ku Johnstown, tauni ya mafakitale a zitsulo m'mapiri a ku Pennsylvania, kumene kunkakhala anthu pafupifupi 30,000 poŵerenga ndi midzi yoyandikana nayo. Makilomita 23 kumtunda kwake kudaali damu ladothi lotalika mamita 22, limene boma lidamanga kale kuti lizithira madzi m'ngalande ya mabwato. Ngalandeyo itatha ntchito chifukwa cha njanji, damu lidasiyidwa, ndipo mu 1862 lidagumukapo. Mu 1879 lidagulidwa ndi kalabu ya anthu olemera a ku Pittsburgh, ofuna nyanja yoŵedzamo nsomba pa tchuthi. Pakati pa mamembala ake padadzakhala Andrew Carnegie, Henry Clay Frick ndi Andrew Mellon. Pokonzanso damulo adalidula pamwamba kuti mseu wa ngolo ukule. Mapaipi otulutsira madzi pansi, amene adaali atazulidwa kale, sadaŵabwezeremo. Pa njira yotayira madzi adatchingapo ndi zitsulo zonga ukonde kuti nsomba zao zisathaŵe. Mu 1880 mkulu wa fakitale ya Cambria, a Daniel Morrell, adatuma injiniya wao John Fulton kuti akaliyendere, ndipo iye adabwerako ndi chenjezo. Mtsogoleri wa kalabu adayankha kuti palibe choopsa. A Morrell adamwalira mu 1885, ndipo padasoŵa wina wa mau olemera woti aikokebe nkhaniyo.

Chaka ndi chaka mvula ikakula anthu a ku Johnstown ankauzana kuti damu ligumuka, mpaka mauwo adasanduka nthabwala. Lachisanu pa 31 Meyi 1889, pambuyo pa chimvula cha usiku wonse, miseu ya m'tauni idaali kale ndi madzi ochokera m'mitsinje yake iŵiri, ndipo mabanja ankangokweza katundu ku zipinda zam'mwamba monga mwa chizoloŵezi. Injiniya wachinyamata wa kalabu, John Parke, adathamanga pa kavalo kukachenjeza a m'mudzi wa South Fork, ndipo mauthenga a lamya adatumizidwa kumunsi. Ena adafikadi, koma panalibe munthu amene udindo wake unali kuŵalengeza m'makwalala, ndipo ambiri mwa amene adamva adati nzomwe zija. Nthaŵi itangopitirira 3 koloko masana damu lidang'ambika. Nyanja yonse idatsika m'chigwa itasenza mitengo, nyumba, mawaya ndi mitu ya sitima, ndipo ola lisanathe idaali pa tauni. Ife tikadati wadutsa napolo. Zinyalala zidaunjikana pa mlatho wamiyala wa njanji, anthu amoyo ali momwemo, ndipo usiku mulu wonsewo udagwira moto. Akufa adakwana 2,209. Mabanja 99 adatheratu osatsalako ndi mmodzi yemwe, ndipo mitembo yopitirira 750 idaikidwa popanda woizindikira.

Tsiku lotsatira, wachilendo aliyense asanathe kuoloka, amuna otsala adakumana m'nyumba ya sukulu nasankha a Arthur Moxham, mwini fakitale ina ya zitsulo, wobadwira ku Wales, kuti atsogolere zonse. Pomwepo adagaŵana makomiti: ya chakudya, ya ndalama, ya zipatala, yochotsa ziŵeto zakufa, ndi yosamala mitembo, imene adaipereka m'manja mwa abusa, mmodzi mwa iwo a David Beale a mpingo wa Presbyterian. Apolisi ongogwirizira adaŵaveka nyenyezi zodula pa zitini. Ambiri mwa anthu a m'makomitiŵa adaali ataferedwa dzulo lake lomwelo, ena asakudziŵa nkomwe kumene kudagona ana ao. A komiti ya mitembo ankalemba m'kaundula maonekedwe a mtembo uliwonse, zovala zake, ndi kalikonse kopezeka m'thumba, kuti mbale wobwera mochedwa adzathe kuzindikira wake. Pa ntchito zonse za masiku amenewo, ife tiyesa kuti imeneyi ndiyo idafuna mtima wolimba koposa, ndipo ndiyo imatchulidwa mochepa. A Moxham adangotsogolera masiku oŵerengeka, natula udindo kwa komiti yochokera ku Pittsburgh, kenaka boma la chigawo lidatenga zonse. Sadaumirire mpando.

Panali ndi zonyansa zomwe. Nyuzipepala zina zidafalitsa kuti alendo ochokera ku Hungary ndi maiko oyandikana nalo, amene ankagwira ntchito zapansi m'mafakitale, akudula zala za mitembo kuti abe mphete. Nkhanizo zidapezeka kuti zambiri nzopeka, koma anthu osalakwa adaali atazunzika kale nazo.

Mai Barton adafika pa 5 Juni, ali ndi zaka 67. Kunena zoona, pa ndalama zopitirira madola 3.7 miliyoni zimene zidasonkhedwa ku America ndi kunja, gawo lodzera ku Red Cross lidaali laling'ono. Chimene chidasiyanitsa maiwo ndi ena ndi kukhalitsa. Atolankhani ndi odzaonerera atabwerera kwao, iwo adatsala miyezi isanu, akugona m'tenti, bokosi likuŵakhalira tebulo. Adatuma anthu ao kuyenda banja ndi banja kulemba zosoŵa, pozindikira kuti amene adazoloŵera kudzidalira sadzabwera pa mzere ngakhale atagona ndi njala. Adamangitsa nyumba zikuluzikulu zamatabwa zogonamo mabanja ambiri, yoyamba pamalo pamene padaali tchalitchi cha St. Mark's, naziika m'manja mwa amai a komweko kuti aziyendetse. Mabanja oloŵa m'tinyumba tatsopano adaŵapatsa mabedi, mipando ndi ziŵiya. Pochoka kumapeto kwa Okutobala adasiya katundu yense wotsala kwa bungwe la anthu a m'tauni momwemo, podziŵa kuti mlendo ndi mame. Za kalabu ija, milandu idapita ku khoti koma palibe amene adalipitsidwa. Carnegie adamangira tauniyo nyumba ya mabuku yatsopano. Madzi, amene saiŵala khwaŵa, adabweranso ku Johnstown mu 1936 ndi mu 1977.

Ntchito yovuta koposa idabwera patapita zaka zinai, ndipo ndi yosadziŵika kwenikweni chifukwa ovutikawo adaali amphaŵi ndi akuda. Usiku wa pa 27 Ogasiti 1893 namondwe adakankhira nyanja pa zilumba za m'mphepete mwa South Carolina ndi Georgia. Eni zilumbazo adaali zidzukulu za anthu otengedwa ukapolo ku Africa, ndipo achikulire pakati pao adabadwira mu ukapolo momwemo. Adafa anthu osachepera 1,000, ndipo pafupifupi 30,000 adatsala opanda nyumba, zitsime zitaloŵa mchere, mbeu zitaola m'minda. Nyumba ya malamulo ya ku Washington idakana kupereka ndalama. Mai Barton, amene adaadziŵa zilumbazo kuyambira pa nkhondo ija mu 1863, adavomera kutenga ntchitoyo mu Okutobala, ndipo chuma chonse chimene adali nacho chidangokwana madola ngati 30,000. Tiŵerenge tokha: dola imodzi pa munthu, kufikira atakololanso.

Chakudya chinkagaŵidwa mwa muyeso woŵaŵa: misere ya chimanga pafupifupi theka la ndowa ndi kanyama ka nkhumba kosakwana theka la kilogalamu, kwa banja la anthu asanu ndi aŵiri pa mlungu. Zotsalazo anthu ankadzipezera m'nyanja ndi m'madimba. Amuna adakumba ngalande zotalika makilomita mazana angapo kuti madzi amchere achoke m'minda, namanganso nyumba ndi matabwa a bungwe. Amai adapanga magulu osoka, otsogozedwa ndi anzao a komweko, okonza zovala zakale zotumizidwa kuchokera kumpoto. Mbeu zidagaŵidwa nthaŵi yobzala isanapite. Azungu ena a kumtunda ankadandaula kuti thandizo likupita kwa akuda ndipo liŵasandutsa alesi. Yankho lake lidaoneka m'minda chaka chotsatira. Sitibisa kuti Mai Barton, monga anthu ambiri a mbadwo wao, nthaŵi zina ankalankhula za eni zilumbazo ngati za ana ofunika kuŵalera. Koma adakhala nao pafupifupi miyezi khumi, pamene boma lao lomwe lidaŵafulatira.

Ulendo wao wotsiriza wa mtundu umenewu udaali wa ku Galveston, ku Texas, kumene namondwe wa pa 8 Seputembala 1900 adapha anthu osachepera 6,000. Adapitako ali ndi zaka 78, ndipo chokumbukika nchakuti alimi a m'deralo adalandira mbande za sitiroberi zokwana 1.5 miliyoni kuti apeze chogulitsa msanga.

Apa tsono tibwerere ku thumba lija. Munthu amene kwa zaka makumi aŵiri wakhala akutapa ndalama zake kuthandizira bungwe, amafika poiŵala malire a thumba lake ndi la bungwe. Mai Barton ankalandira zopereka okha, kugula okha, kulamula okha, ndipo malisiti ankasungidwa mwa apo ndi apo. Pamene zopereka zidaali zochepa panalibe wofunsa. Koma mu 1900 nyumba ya malamulo idapatsa bungwelo chikalata cholizindikira, chimene chinkafuna lipoti la chuma chaka chilichonse, ndipo m'komiti yaikulu mudaloŵa anthu atsopano. Wotsogolera ofunsa mafunso adaali Mai Mabel Boardman, a m'banja lolemera, odziŵana ndi akuluakulu a ku Washington. Mai Barton adaŵaona mafunsowo ngati chipongwe. Otsatira ao adasintha malamulo a bungwe kuti maiwo akhale mtsogoleri moyo wao wonse, ndipo odandaula aja adaimitsidwa. Pulezidenti Theodore Roosevelt adachotsa dzina lake pa bungwelo. Kafukufuku amene adachitika mu 1904 sadapeze umboni woti Mai Barton adadya ndalama, komabe mu Meyi chaka chomwecho adatula pansi udindo, ali ndi zaka 82, mtima uli woŵaŵa. Adamwalira mu Epulo 1912 osabwereranso ku bungwe limene adalibala.

Nkwapafupi kutenga mbali ya nkhalamba yochotsedwa, ndipo olemba ambiri adatero. Ife tiona kuti Mai Boardman adaali ndi mfundo, ngakhale kuti njira zao zina zidaali zouma mtima. Ana aja a ku Waterford adauzidwa kumene madola ao 51 adapita chifukwa Mai Barton adaŵakumbukira. Koma wopereka aliyense ayenera kuuzidwa, ngakhale amene mtsogoleri samkumbukira, ndipo zimenezi zitheka ndi kaundula yekha. Chikalata chatsopano cha 1905 chidalamula kuti mabuku a chuma aziŵerengedwa ndi akatswiri a boma. Mai Boardman nawonso adatumikira bungwelo zaka pafupifupi 40 osalandira malipiro. Chimene chidatayika pa kusinthaku ndi mtsogoleri wogona m'tenti pakati pa ovutika, pakuti iwo ankayendetsa zinthu ali ku Washington.

Bungwe lokonzedwanso bwinolo lidayesedwa mu 1927, pamene mtsinje wa Mississippi udaswa makoma adothi otchinga madzi, amene masiku ano timaŵatcha madayiki, numiza dera la makilomita 70,000 m'litali ndi m'lifupi mophatikiza. Nduna ya zamalonda, a Herbert Hoover, ndiwo adayang'anira chithandizo chonse. Red Cross idasonkhanitsa madola pafupifupi 17 miliyoni, nitsekula misasa 154, nisamala anthu opitirira 600,000. Pa mapepala zonse zidayenda bwino, ndipo mabuku a chuma adaali oyera. Koma msasa uliwonse unkayendetsedwa ndi komiti ya anthu odzipereka a m'deralo, ndipo kumwera kwa America anthu otero adaali azungu, ambiri mwa iwo eni minda ya thonje kapena abale ao.

Pa 21 Epulo khoma lidagumuka pa Mounds Landing, kumtunda kwa tauni ya Greenville. Wapampando wa komiti ya chithandizo kumeneko adaali a William Alexander Percy, loya wa zaka 41, wolemba ndakatulo, amene adagwirapo ntchito yodyetsa anthu ku Belgium pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bambo ao, a LeRoy Percy, adaakhalapo phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ndipo mau ao ndiwo ankalemera m'dera lonselo. Anthu akuda okwana ngati 13,000 adathaŵira pamwamba pa khoma limene lidatsala, kamtunda kopapatiza, madzi uku ndi uku, mvula ikugwa, matenti ndi madzi akumwa zili zosoŵa. A William adaona choyenera kuchita: kuŵasamutsira ku Vicksburg, kumene kudaali mtunda ndi msasa wokonzeka. Komiti idavomera, ndipo sitima zidaitanidwa.

Eni minda atamva adanjenjemera. Anthu a pakhomawo adaali matenanti ao, omangidwa ndi ngongole zosatha, m'makhalidwe amene ife tingaŵafanizire ndi thangata la m'masiku a atsamunda. Ankadziŵa kuti akangokwera sitima, ambiri sadzabwereranso kudzalima thonje. Adapita kwa a LeRoy. Bambowo adakayenda ndi mwana wao pakhoma paja, namupempha kuti aifunsenso komiti asanachite kanthu. Komiti itakumananso, mamembala onse adatembenuka mmodzimmodzi, ndipo a William, atakana kwa kanthaŵi, adagonja. M'buku la moyo wao la 1941 adalemba kuti adadzadziŵa pambuyo pake kuti bambo ao adaayendera membala aliyense mseri msonkhano usanachitike. Sitima yokhoza kunyamula khamu idanyamuka ndi amai ndi ana achizungu 33.

Kuchokera pamenepo zinthu zidanka ziipiraipira. Popeza anthu adatsala, chakudya chao chonse chinkayenera kutsitsidwa m'mabwato ndi manja, ndipo amuna akuda adakakamizidwa kugwira ntchitoyo popanda malipiro, asilikali a mfuti akuŵalondera. Ankavekedwa tizikwangwani pa malaya, ndipo kutuluka mumsasa kunkafuna chilolezo. A William omwewo, amene poyamba adafuna kuŵapulumutsa, ndiwo adasaina malamulo oti banja la mwamuna wosagwira ntchito lisalandire chakudya. Chakudya chimenecho chidaali mphatso ya anthu a dziko lonse, yoperekedwa kwa aliyense wovutika. Munthu wina wakuda amene adagwira ntchito usiku wonse, atakana kubwereranso m'maŵa mwake, adaomberedwa ndi wapolisi nafa. Tauni itatsala pang'ono kuyaka, a William adakalankhula m'tchalitchi cha anthu akuda, ndipo m'malo mopepesa adaŵadzudzula kuti mlandu wa imfayo ngwao. Kumapeto kwa Ogasiti adatula udindo nanyamuka ulendo wa ku Japan.

Mbiri ya zochitika m'misasa itafika ku nyuzipepala za anthu akuda ku Chicago, a Hoover adapempha a Robert Moton, mkulu wa sukulu ya Tuskegee, kuti atsogolere gulu lofufuza, la anthu akuda okhaokha. Gululo lidayendera misasa, lidapeza kuti zambiri nzoona, ndipo zina zidakonzedwadi. Koma a Hoover, amene maso ao adaali pa chisankho, adapempha kuti zoŵaŵa za m'lipotilo zisafalitsidwe, napatsa a Moton chiyembekezo choti padzakhala dongosolo logaŵira matenanti minda yaoyao. A Moton adasunga chinsinsicho. Mu 1928 nyumba ya malamulo idaika ntchito yoteteza chigwa cha Mississippi m'manja mwa boma lalikulu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho a Hoover adasankhidwa kukhala Pulezidenti. Minda ija sidagaŵidwe. Ku Greenville, njanji itakonzedwa, mabanja ambiri a pakhoma paja adamanga mitolo yao nakakwera sitima ya pamtunda yopita ku Chicago.